Msuzi wa asodzi wa ma euro 70

A ku Chembe, a ku Msaka, a ku Monkey Bay, ndi inu a ku Senga Bay amene mumangowerenga osayankha, ndimakuonani. Chibwerereni ku France foni yanga sikupuma. Wina akufuna zithunzi, wina akufunsa ngati ndinadyadi achule, wina akuti ndimupezere mkazi wachizungu. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi, yaitali ngati mwa masiku onse. Amene muli pa ntchito muisunge, mudzawerenge usiku podikira mwezi kuti ulowe.

Ndiyambe ndi mmene ndinapitira, poti ena ayamba kale kunong'ona kuti ndakhwimira. Pali mkulu wina wa ku France amene amabwera kuno chaka ndi chaka ndi alendo osambira pansi pa madzi kudzaona mbuna. Injini za boti lake ndakhala ndikukonza ndine kwa zaka zinayi. Chaka chatha anandiuza kuti, iwe nyanja yanu ndaidziwa, bwera udzaone yathu. Tikiti analipira yekha, kalata yondiitana analemba yekha, changa chinali pasipoti ndi kuleza mtima pa nkhani ya viza. Tinapangana masabata awiri mu January, chifukwa kuno imakhala nthawi ya mvula, alendo kulibe, boti lake limakhala lili pamtunda. Kwawoko January ndiye pakatikati pa nyengo yozizira.

Aise, kuzizira kwa June kuja mwera ukamawomba pa doko, ife n'kumati lero kwazizira, n'chibwana. Titatsika ndege ku Paris kunali madigiri 3. Mpweya ukamatuluka m'kamwa umaoneka ngati ukusuta. Dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa kale, ikamati 5 koloko madzulo mdima wayamba, ndipo pakati pakepo silitentha, limangoyang'ana. Mitengo yonse mbee, yopanda tsamba, ukanakhala kuno ukanati nkhuni zapezeka.

Za Paris sindichulutsa, tinangokhalako masiku awiri. Eiffel Tower ndinaiona, ndinakwera. Ndi chitsulo chokhachokha cholumikiza ndi ma rivet, mamita 330 kupita m'mwamba, chimangireni mu 1889. Anzanga ankajambula, ine ndinkayang'ana penti. Amaipenta pafupifupi zaka 7 zilizonse, penti wokwana matani 60, ndiye chifukwa chake dzimbiri silinaidye mpaka lero. Nkhono ndinadya, amaziphika ndi batala ndi adyo, zimakoma adyoyo basi. Achule ayi. Tchizi china chimanunkha ngati usipa umene wagwidwa ndi mvula pa thandala masiku atatu, koma eni ake amachita kutseka maso pochidya.

Nkhani yeniyeni ili ku Marseille, kwawo kwa mkulu uja. Tinakwera sitima ya pamtunda yotchedwa TGV, imene imafika makilomita 300 pa ola. Mtunda woposa kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu, ife maola atatu ndi mphindi zochepa tafika. Marseille ndi mzinda wa m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, wakale kuposa mizinda yonse ya ku France. Anauyambitsa ndi Agiriki obwera pa maboti zaka pafupifupi 600 Yesu asanabadwe. Nditangotuluka pa siteshoni ndinamva fungo la madzi ndi dizilo, mtima unakhala pansi. Kumeneko kulibe chisanu ngati cha ku Paris, koma kuli mphepo yawo yotchedwa mistral, yochokera kumpoto, youma, yolowa mpaka m'mafupa. Imatha kuwomba masiku angapo osapuma, kumwamba kuli kowala bwinobwino, ndipo ikayamba asodzi a maboti ang'onoang'ono satuluka. Amakhala pa doko manja m'thumba, kuitukwana mphepoyo chimodzimodzi mmene timautukwanira mwera. Chifalansa sindimva, koma mawu amenewo sanafunike womasulira.

Pakati pa mzindawo pali doko lakale, Vieux-Port. M'mawa uliwonse asodzi amabwera ndi maboti awo mpaka kumapeto kwenikweni kwa dokolo, n'kuyala nsomba pa timatebulo pompo, boti lili kumbuyo kwawo likugwedezeka pa chingwe. Ine ndinkayembekezera chimsika chachikulu. Ndinapeza timatebulo tochepa, mwina tosakwana 10 tsiku limenelo, ndipo aliyense ali ndi nsomba zoti kwathu kuno alovi akanati lero tagwa nayo. Mabeseni awiri basi. Koma amagulitsa pa kilo, pa sikelo, kwa munthu amene akukadya nsombayo. Palibe wapakati wobwera ndi chikwama cha ndalama kudzakuuza mtengo wa nsomba yako iwe usanatsike n'komwe m'boti.

Maboti awo akale amawatcha pointu, a matabwa, osongoka kutsogolo ndi kumbuyo komwe, injini ya dizilo ili m'kati. Mkulu wina wa imvi anandilola kusuzumira mu injini yake. Inali Baudouin, kampani imene inayambira mu Marseille momwemo, ndipo injiniyo inali yaikulu kwa ine pa zaka. Ikamalira imangoti tu, tu, tu, pang'onopang'ono, ngati mtima wa munthu wogona. Masabata onse awiri Enduro sindinaioneko ngakhale imodzi. Ndipo mavuto awo ndi ena. Kuno injini imafa ndi mchenga mu impeller, petulo wothira madzi, ndi anthu ouma manja pa oyilo. Kumeneko imafa ndi mchere. Madzi a m'nyanja yawo amadya chitsulo usiku ndi usana, mpaka amamangirira tizidutswa ta zinc pa shaft kuti mcherewo uzidya tomweto m'malo mwa injini. Inu amene mumadandaula kuti ndimakudulitsani, thokozani kuti nyanja yathu ndi ya madzi abwino.

Tsopano msuzi uja. Dzina lake ndi bouillabaisse, osandifunsa katchulidwe. Akuti dzinalo limachokera ku mawu awiri, kuwira ndi kuchepetsa moto: ukawira, chepetsa moto. Ndiwo chakudya chimene Marseille amadziwika nacho dziko lonse, ndipo mlendo aliyense amayenera kuchilawa. Tinapita ku lesitilanti ina pafupi ndi kadoko kakang'ono ka asodzi kotchedwa Vallon des Auffes. Nsalu zoyera patebulo, mafoloko atatu, matambula awiri munthu mmodzi.

Amabweretsa kawiri. Choyamba msuzi wokhawokha, wofiirira chakuchikasu, wotentha. Muli anyezi, tomato, adyo, mafuta a olive, masamba ena onunkhira, ndi safran, chokometsera chimene amachita kugulitsa pa gramu. Pambali amaika buledi wouma wodulidula ndi phala lina la adyo ndi tsabola lotchedwa rouille. Mawu amenewo tanthauzo lake ndi dzimbiri, chifukwa cha mtundu wake, ndiye ine makaniko ndinaseka ndekha kuti ndauluka ulendo wonsewu kudzadya dzimbiri. Umapaka dzimbirilo pa buledi, n'kumuponya mu msuzi. Kenako amabweretsa nsomba zimene zinaphikidwa mu msuziwo, zathunthu pa mbale yaikulu, kukuonetsani kaye, ndipo woperekera amazichotsa minga inu mukuona. Pansi pake mbatata ya kachewere.

Kukoma kumakoma, ndisaname. Msuziwo ndi wolemera, umamva kuti mwalowa mitu ndi mafupa a nsomba zambiri, ndipo ndi mistral ili panja thupi lonse linabwerera. Koma nsomba zake nditaziyang'anitsitsa, ndinazizindikira, ngakhale sindinazionepo chibadwire. Ina yotchedwa rascasse ndi yofiira, mutu waukulu, nkhope yoipa, minga thupi lonse ndipo minga yake ndi yaululu. Ina ndi yaitali ngati mkunga. Ina ya mutu wa mafupa okhaokha. Izi ndi nsomba zimene msodzi amatukwana akamazikolola mu ukonde, ngati nkholokolo kwathu kuno. Ndinafunsa mkulu uja, ndipo anavomera. Bouillabaisse unali msuzi wa asodzi osauka. Nsomba zabwino zikagulidwa, zotsala zimene palibe anazifuna, zaminga, zong'ambika mu ukonde, ankaziponya zonse mu mphika umodzi pa gombe, n'kudyera buledi wa dzana. Chimodzimodzi mmene alovi amachitira pa doko m'mawa, kutola za pansi pa boti n'kuwiritsa ndi mchere ndi tomato mmodzi.

Bilu itabwera ndinaisuzumira. Ma euro 70 munthu mmodzi, zakumwa padera. Ngakhale pa mtengo wa ku banki imeneyo ndi ndalama yoposa K100,000. Mbale imodzi. Ndinayang'ana matebulo onse: alendo a ku America, a ku Japan, anthu a masuti. Munthu wa manja ong'aluka ndi chingwe munalibemo, kupatula ine, ndipo ine ankandilipirira.

Mawa lake ndinabwerera kwa mkulu wa imvi wa Baudouin uja, mnzangayo akumasulira. Ndinamufunsa ngati amapita kukadya ku malo amenewo. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati iye amaphika wake kunyumba, ndi tinsomba ta m'miyala timene tatsala patebulo, koma masiku ano sititsala kawirikawiri chifukwa a malesitilanti amatisungitsa lisanatuluke dzuwa. Nsomba imene agogo ake ankataya lero ndi imene imamulipirira dizilo. Ana ake awiri palibe amene ali pa nyanja, wina amayendetsa basi, wina ali ku Lyon. Ndinayang'ana anzake pa matebulo ena aja, ambiri imvi zokhazokha.

Apa ndi pamene ndinayamba kuganiza za chambo. Inu a msinkhu wanga, ndani angakumbuke tsiku lomaliza limene pakhomo panu munadya chambo chachikulu, chathunthu, popanda mlendo, popanda ukwati, kungoti lero ndiwo ndi chambo? Bambo anga amati ali mnyamata chambo chinali ndiwo wamba, ankapatsana ndi oyandikana nawo nyumba, ndipo usipa unali wa anthu a kumtunda. Lero bambo omwewo akakola chambo chabwino sichilowa m'nyumba. Chimapita mu cooler box, chikagone ku lodge kapena ku Lilongwe, ife n'kudya bonya. Sindikuwadzudzula, fizi ya mlongo wanga imachokera momwemo. Kungoti ndinapita kutali kukapeza zomwezo zitavala nsalu yoyera. Kwawoko chakudya cha msodzi chinakwera mtengo mpaka chinamusiya msodziyo panja. Kwathu nsomba yeniyeniyo ndi imene yatisiya.

Koma pali kusiyana, ndipo ndi kumene kwandisowetsa tulo. Kwa iwo mtengo utakwera, gawo lina la ndalamayo limafikadi kwa mwini boti. Mabeseni awiri aja amamukwanira kugula dizilo, kulipira nyumba, kukonzetsa injini. Ndipo sizinangochitika zokha. Mu 1980 eni malesitilanti ena a ku Marseille anakhala pansi n'kulemba pangano la mmene bouillabaisse weniweni ayenera kukhalira: mitundu ya nsomba yoyenera kulowamo, ndi kuti nsombazo azizidula pamaso pa wodya. Anachita zimenezi poona kuti ena ankagulitsa msuzi wa nsomba zilizonse kwa alendo n'kumautcha dzina lomwelo. Anateteza dzina. Ife dzina lakuti chambo ndi lalikulu kuposa nsomba ina iliyonse m'dera lino la Africa, koma pa msewu aliyense amakazinga kansomba kalikonse n'kumati chambo, wogula wa ku tauni osadziwa kanthu.

Chachiwiri, asodzi a kumeneko ali ndi bwalo lawolawo lotchedwa prud'homie, lakale kuyambira zaka za m'ma 1400. Amasankhana okhaokha oweruza, asodzi anzawo, ndipo amenewo ndi amene amagawa malo otchera maukonde, nthawi zina pochita maere, ndi kuweruza mikangano ya pa madzi. Nditamva zimenezi sindinadabwe kwambiri, chifukwa nafenso tili nazo. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, Mfumu Makanjira inayamba kutseka usodzi kuyambira m'ma 1950, ndipo mpaka lero chilumbacho chimatsekedwa nyengo ya mvula, cha mu December mpaka April. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pa chilumbapo. Amene munapitako pa tsiku lotsegulira mukudziwa kukula kwa utaka wa kumeneko. Palibe mzungu anawaphunzitsa. Ndiye nzeruyo si ya ku France. Chimene chimandipweteka n'chakuti pa magombe ambiri BVC ilipo pa dzina lokha. November ndi December akuti tatseka kuti chambo chiswane, koma usiku tonse timamva makoka akukokedwa, ndipo tonse timadziwa ndi a ndani. Neti ya udzudzu imene anatipatsa kuti ana asadwale malungo tinaisokerera ku chilimira, ikukokolola ndi tiana ta nsomba tosaoneka n'komwe maso. Ndikudziwa yankho lake, njala siidikira February. Ndinakulira m'nyumba ya msodzi, musandiuze. Koma mkulu wa Baudouin uja nayenso si wolemera, jekete lake linali losokedwa pa chigongono.

Musaganize kuti kumeneko zonse zili bwino. Nsomba kwawonso zachepa, ndiye chifukwa chake msika wa pa doko lotchuka chonchija uli ndi matebulo owerengeka. Pafupi ndi mzindawo pali Calanques, magombe a miyala yoyera italiitali, amene mu 2012 anawasandutsa malo otetezedwa, ndipo mbali zina kuwedza n'koletsedwa kotheratu. Asodzi ena amadandaula nazo mpaka lero, mofanana ndi mmene anthu a ku Chembe amadandaulira za mamita 100 a paki yathu. Kuli tinthu tina taminga ngati kanungu, tozungulira, totchedwa oursin, timene amatidula pakati n'kudya za m'kati zosaphika. Amaloledwa kutigwira miyezi yozizira yokha, ndipo ukagwira tating'ono kapena topyola muyezo amakulipiritsa. Ndinalawa kamodzi. Kamamveka ngati wameza funde.

Kwina kumene tinazungulira ndingotchula. Château d'If, ndende yakale ya pa kachilumba, tinaionera patali chifukwa mphepo inaletsa maboti. Mabisiketi otchedwa navette, owumbidwa ngati bwato, olimba oti ukhoza kukhomera msomali. Tsiku lina tinalowa m'sitolo ya ziweto, ndipo ndinapeza mbuna zathu zili mu galasi, pamwamba atalemba kuti Malawi. Kamodzi ma euro 15, kansomba kamene ana amakagwira ndi botolo pa miyala ya ku Otter Point. Wogulitsayo atamva kuti ndine wa komweko anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kuyamba kunditchulira Thumbi, Chizumulu, Likoma, malo amene sanapondepo.

Koma malo amene sindidzawaiwala ndi tchalitchi cha pa phiri, Notre-Dame de la Garde. Chili pamwamba pa mzinda wonse, pa nsonga pali chifanizo cha Mariya chokutidwa ndi golide, choti msodzi amachiona ali kutali pa madzi. Eni ake amangoti Mayi Wabwino. Ukalowa m'kati, kudenga kwalendewera timaboti tating'ono tosema, tambirimbiri, ndipo makoma adzaza ndi timiyala tolembedwa mayina ndi zaka. Ndi anthu amene anapulumuka pa nyanja, kapena abale awo, amene anabwera kudzathokoza. Ena anajambula chithunzi cha boti lawo lili pakati pa mafunde. Ine si wa Katolika, mukudziwa, koma ndinakhala pa benchi nthawi yaitali. Ndinakumbukira mwana wa amalume amene anapita ndi mwera ali ndi zaka 19, ndi anzake awiri, bwato n'kupezeka lokha patapita masiku atatu. Dzina lake silinalembedwe paliponse kupatula pa mtanda umene chiswe chinadya kale. Za Vipya, imene inamira mu 1946 ndi anthu 145, timazimva chifukwa inali sitima. A mabwato ndi a maboti a matabwa amangopita, chaka ndi chaka, ndipo amawakumbukira ndi amayi awo okha.

Masiku omaliza nsima inandisowa zedi. Buledi wawo wautali uja ndi wabwino, koma umadya m'mawa, masana, madzulo, m'mimba mumangokhala ngati mwalowa mphepo. Kuli dera lina lotchedwa Noailles, kumene kuli masitolo a anthu ochokera ku Algeria, Comoros, Senegal ndi kwina. Kumeneko ndinapeza ufa wa chimanga ndi nsomba zouma, ndipo usiku womaliza ndinawaphikira eni nyumba nsima ndi nsomba yothira tomato ndi anyezi basi. Anadya ndi manja, akupsa zala, n'kumafunsa dzina la chakudyacho kuti alembe.

Nditafika kunyumba ndinawaonetsa bambo zithunzi zonse. Eiffel Tower anangoti eya. Chithunzi cha msuzi anachiyang'ana pang'ono, nditawauza mtengo wake anati azungu ndalama zimawayabwa. Chimene anakhala nacho nthawi yaitali ndi cha mkulu wa imvi uja ataima pambali pa boti lake. Anachikulitsa ndi zala mpaka pa mulu wa ukonde umene unali kumbuyo kwake, n'kundifunsa kuti maso a ukondewo ndi a mainchi angati. Ndinawauza kuti zala zanga zitatu zinkalowa bwinobwino. Anangoti hmm, n'kundibwezera foni, n'kupitiriza kusoka matchera awo.

Amene injini zanu zili kwa ine, Lolemba ndatsegula. Wa 15 ya carburettor yotsekeka uja abwere ndi ndalama ya gasket, ndipo petulo wa m'chigubu chija asamuthirenso.